Jazi wopanda piyano: moyo ndi nyimbo za abale a Kachamba

Mawu akuti jazi ali ndi matanthauzo awiri m'Malawi muno. Kwa amene anazolowera nyimbo zakunja, jazi ndi maimbidwe a anthu akuda a ku America, aja a piyano, malipenga ndi masakisofoni, amene anaphukira mumzinda wa New Orleans kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Koma pamsika wa Sharpevale ku Ntcheu, monganso ku Thyolo kapena ku Chileka, munthu wachikulire akamva kuti kwabwera gulu la jazi amayembekeza kuona anyamata atatu kapena anayi atakhala pamthunzi, wina atafukata banjo yosema yekha, wina akuponda ng'oma ndi phazi, wina akukoka babatoni. Magulu otere ndi amene ankadzitcha maina ngati Chimvu Jazz ya Alan Namoko ndi Linengwe River Jazz Band, ndipo piyano inalibe malo pakati pawo. Dzina lakuti jazi sanangolitola panjira. Jazi wakumudziyu ndi mdzukulu weniweni wa jazi wa ku America, ndipo ubale umenewu umaoneka bwino m'moyo wa anthu awiri obadwa bere limodzi a m'mudzi wa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba. Kuti nkhani yawo imveke, ndi bwino kuyambira kutali, pa piyano imene iwo analibe.

Piyano ya Count Basie

Jazi amene anafika kum'mwera kwa Africa pa mbale za galamafoni m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 anali makamaka wa mtundu wotchedwa swing, woimbidwa ndi magulu akuluakulu a anthu oposa khumi. Mmodzi mwa atsogoleri a magulu amenewa anali William Basie, woimba piyano amene dziko limamudziwa ndi dzina lakuti Count Basie. Iyeyu anabadwa pa 21 Ogasiti 1904 ku Red Bank m'chigawo cha New Jersey, ndipo piyano anayamba kuiphunzira kwa mayi ake. Ali mnyamata anapita ku Harlem mumzinda wa New York, kumene anatapa luso kwa Fats Waller. Mu 1927 gulu la zisudzo limene ankayenda nalo linabalalikira ku Kansas City, iye n'kutsala komweko. Kutsalako n'kumene kunamutsegulira njira. Analowa gulu la Walter Page lotchedwa Blue Devils, kenako mu 1929 gulu la Bennie Moten. Moten atamwalira mu 1935, Basie anasonkhanitsa gulu lakelake limene linkaimba usiku ku Reno Club. Nyimbo zawo zinkaulutsidwa pa wailesi, ndipo John Hammond, munthu amene ankasakasaka oimba aluso, anazimva pa wailesi ya m'galimoto ali ku Chicago mu 1936.

Oimba piyano ambiri a nthawi imeneyo ankadzaza nyimbo ndi manja onse awiri. Basie ankagunda pang'ono chabe, apa ndi apo, n'kusiyira anzake atatu ntchito yosenza nyimbo. Anzakewo anali Freddie Green pa gitala, Walter Page pa besi ndi Jo Jones pa ng'oma. Green ankakwapula gitala kanayikanayi mofanana, osathamanga komanso osatsalira, nyimbo yonse mpaka kutha. Pamwamba pa maziko amenewa malipenga ndi masakisofoni ankaponyerana timawu tifupitifupi tobwerezabwereza, mbali ina kuyambitsa, mbali ina kuvomera, monga amachitira amayi pamtondo. Nyimbo zambiri za gululi poyamba sizinkalembedwa papepala. Oimba ankazipangira limodzi n'kuzisunga pamtima, ndipo nyimbo yawo yotchuka ya One O'Clock Jump, yojambulidwa mu Julayi 1937, inabadwa motero.

Mbiri ya Basie yojambula nyimbo inayamba ndi kudyeredwa masuku pamutu. Pangano limene anasaina ndi kampani ya Decca linamupatsa madola 750 pa nyimbo 24, popanda gawo lililonse pa mbale zogulitsidwa. Mbale zimenezo zinagulidwa kwambiri, koma phindu lalikulu linapita kwina. Mu 1950 gulu lalikululo linatha chifukwa cha kusowa kwa ndalama, ndipo mu 1952 Basie anali atadzutsa lina limene linajambula zimbale monga April in Paris ndi The Atomic Mr. Basie. Pamwambo woyamba wa mphoto za Grammy mu 1959 iye analandira mphoto ziwiri. Anamwalira pa 26 Epulo 1984 ku Florida. Pa zonse zimene anachita, zitatu ndi zimene zinawoloka nyanja n'kudzamera mizu kuno: gitala yokwapula mosalekeza, besi yoyenda pansi pa nyimbo, ndi zoliza ndi pakamwa zoyankhana. Zitatu zonsezi munthu akhoza kuzichita popanda piyano, ndipo ana a anthu osauka anazindikira zimenezi msanga.

Njanji, galamafoni ndi wailesi

Mbale za galamafoni zinkabwera m'masutikesi a anthu ochokera kuntchito. Chaka cha 1935 chinasintha maulendo amenewa. Mlatho wa sitima wowoloka Zambezi pa Sena unatsegulidwa, ndipo njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima itadutsa pa Balaka, m'chigwa cha Bwanje ndi pasiteshoni ya Sharpevale, malo amene anatenga dzina la Alfred Sharpe, bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland. Kuyambira pamenepo mwamuna wa ku Ntcheu ankatha kukwera sitima kufupi ndi kwawo, kukasintha cha ku Beira, n'kukatsikira ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Ambiri ankapitabe wapansi kudzera ku Tete posowa ndalama ya tikiti. Ena ankatengedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita kumafamu a ku Southern Rhodesia. Osabwerako ankatchedwa matchona. Wobwerako ankadziwika ndi njinga, jekete ndi nsapato, ndipo amene zinamuyendera bwino ankabwera atasenza galamafoni yopukusa ndi dzanja. Madzulo mudzi wonse unkazinga bokosi limenelo, ana n'kumasuzumira kufuna kuona anthu amene akuimba m'katimo.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, asilikali obwerera kwawo anabweretsanso mabanjo ndi magitala. Posakhalitsa kunatuluka oimba a kuno komwe monga Paseli Brothers, Wilson Makawa ndi Ndiche Mwarare, katswiri wa gitala yotsetsereka ija yotchedwa hauyani. Wailesi nayo inathandiza. Nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja, ndipo kuyambira mu 1949 kunayamba kugulitsidwa wailesi yotsika mtengo imene anthu ankaitcha Saucepan Special chifukwa inkaoneka ngati sefuliya. Nyimbo sizinkangoyenda kuchokera ku America kudza kuno ayi. Skokiaan, nyimbo ya August Musarurwa wa ku Bulawayo, inawoloka n'kukajambulidwanso ndi Louis Armstrong mu 1954.

Kubadwa kwa kwela

M'makomboni a ku Johannesburg monga Alexandra ndi Sophiatown, ana ankamva magulu a Count Basie, Glenn Miller ndi ena pa mbale ndi m'mafilimu. Sakisofoni sakanatha kuigula. Chimene ankakwanitsa chinali kachitoliro kachitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi, kogulitsidwa m'sitolo ngati choseweretsa ana. Ndi kachitoliro kameneka anayamba kutsanzira malipenga ndi masakisofoni, gitala wamba n'kutenga malo a piyano ndi gitala ya Freddie Green, bokosi la tiyi n'kusanduka besi. Filimu ya The Magic Garden ya mu 1951, mmene Willard Cele ankaimba chitoliro, inautsa chidwi cha anyamata ambiri. Mu 1954 Spokes Mashiyane anajambula Ace Blues ku kampani ya Trutone, ndipo inagulidwa ngati ndiwo. Mu 1958 nyimbo ya Tom Hark ya gulu la Elias and His Zig Zag Jive Flutes inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, koma anyamata amene anaiimba anapeza zochepa kwambiri. Zimene zinamuonekera Basie zinabwerezedwa ku Joni. Chaka chomwecho Mashiyane anasamukira ku kampani ya Gallo, ndipo amakumbukiridwa kuti ndiye woimba wakuda woyamba ku South Africa kulandira gawo pa mbale iliyonse yogulitsidwa.

Maimbidwe amenewa anapatsidwa dzina lakuti kwela, lochokera ku mawu a Chizulu ofanana ndendende ndi athu akuti kwera. Galimoto ya apolisi yonyamula anthu ogwidwa m'misewu inkatchedwa kwelakwela, ndipo ana oimba m'mphepete mwa msewu ankaidziwa bwino galimoto imeneyo. Eni ake ambiri ankangoti akuimba jive kapena jazi. Mpake kuti mawu akuti jazi atafika ku Nyasaland anafika atavala kale malaya a mwana wa m'komboni, ndipo ndi malaya omwewo amene akuvalabe m'midzi mwathu.

Kuchokera ku Salisbury kubwerera kwa Singano

Daniel James Kachamba anabadwira ku Limbe mu 1947. Bambo ake, a James Kachamba, anali woimba gitala, ndipo ndiwo anamuika gitala m'manja. Kuyambira 1957 mpaka 1961 banjali linkakhala ku Salisbury. Iyi inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene mumzindawo munali modzaza anthu a kuno, ndipo inalinso nthawi imene kwela anali pachimake. Mwana wa zaka khumi wa makutu akuthwa anafika pamalo oyenera pa nyengo yoyenera. Anamva kwela, jive, sabasaba, sinjonjo ndi vula matambo, ndipo zonsezi anabwerera nazo kumudzi kwa Singano, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Kumeneko anayambitsa gulu ndi mng'ono wake Donald pamodzi ndi anyamata ena apafupi. Daniel ankagwira gitala ndi kuimba, Donald ankaliza chitoliro akadali kamwana.

Zida za gululi n'zofunika kuziyang'ana pafupi, chifukwa nzeru yonse ili pamenepo. Besi yawo inali bokosi lathabwa lonyamulira tiyi, chinthu chosasowa m'dziko lolima tiyi. Chingwe chimodzi chinkatuluka pakati pa bokosilo n'kukamangidwa kunsonga ya ndodo yoimika m'mphepete mwake. Woimba ankaponda bokosi kuti lisasunthe, dzanja lina likukoka chingwe, lina likuweramitsa ndodo. Akaikokera kumbuyo chingwe chimakungika, mawu n'kukwera. Akaibwezera kutsogolo chimakhwefuka, mawu n'kutsika. Palibe chizindikiro chilichonse chomuuza pamene mawu oyenera ali. Khutu lokha ndilo limamutsogolera, ndipo woimba wabwino amayendetsa besi imeneyi ngati mmene Walter Page ankayendetsera yake ya nsambo zinayi.

Chitoliro nacho chili ndi chinsinsi chake. Mwana wongoseweretsa amaluma kunsonga n'kuuzira molunjika, ndipo chimalira mopyapyala ngati wenzulo. Woimba kwela amachilowetsa kwambiri m'kamwa mochipendeketsa, nsonga yake n'kukatsamira m'kati mwa tsaya, kotero kuti milomo imaphimbako pang'ono kabowo kotulukira mawu. Akatero mawu amanenepa, amamveka patali, ndipo amatha kupindidwa kuti alire motsetsereka ngati sakisofoni. N'chifukwa chake pazithunzi woimba kwela amaoneka atapendeketsa mutu, tsaya limodzi litatupa. Donald Kachamba anaidziwa njira imeneyi kuposa ambiri, ndipo anaisunga zaka zambiri kwela atazilala kwawo ku South Africa, kumene sakisofoni ndi magitala amagetsi a mbaqanga anali atalanda malo.

Nyimbo zambiri za mtundu umenewu zimayenda mozungulira. Gitala imadutsa makodi atatu m'kanjira kafupi, n'kubwerera poyambira, n'kuyambanso, kosatha. Wongomva mothamanga angaganize kuti n'zophweka. Koma kuzungulira kumeneku ndi bwalo chabe, ndipo luso limaonekera pa zimene chitoliro ndi mawu a woimba zikuchita m'bwalomo, kupeka zatsopano pomwepo nyimbo ili m'kati, osabwereza ndendende zimene zaimbidwa kale. Kupeka pomwepo kumeneku ndiko mtima wa jazi kulikonse.

Chaka cha 1967

Kuchiyambi kwa 1967 anyamatawa ankaimba m'misewu ya mu Blantyre, anthu odutsa n'kumawaponyera timakobili. Kumeneko anakumana ndi alendo awiri, Gerhard Kubik wa ku Austria ndi Maurice Djenda wa ku Central African Republic, amene ankayenda kujambula ndi kufufuza nyimbo za mu Africa. Kubik, wobadwa mu 1934 ku Vienna, anali ataimbapo clarinet m'gulu la jazi kwawo asanayambe maulendo a ku Africa mu 1959. Khutu lake linali lozolowera jazi, choncho atamva anyamatawa sanawaone ngati ana ongosewera ndi zitini. Anamva swing ndi blues zikutuluka m'chitoliro cha mnyamata wosafika zaka 15. Anawatsatira kumudzi kwa Singano, n'kujambula nyimbo zawo pa tepi komanso pa filimu.

Zojambula za chaka chimenecho ndi chuma chosowa, chifukwa oimba a m'misewu a nthawi imeneyo ambiri anatha osasiya ngakhale liwu limodzi. Dziko linali litangolandira ufulu mu 1964, chaka chomwe wailesi ya MBC inakhazikitsidwa, ndipo makampani akuluakulu ojambula ndi kudinda mbale anali kunja, ku Johannesburg, ku Salisbury ndi ku Nairobi. Kwa zaka zambiri situdiyo ya MBC ku Chichiri ndiyo inali khomo lalikulu limene woimba wa m'Malawi ankalowera kuti amveke dziko lonse. Woimba wa piyano wa ku America mbiri yake imawerengedwa ndi zimbale, chaka ndi chaka, kampani ndi kampani. Mbiri ya abale a Kachamba ili m'matepi a wailesi ndi a ofufuza, ndipo zimbale zogulitsa zinadza mochedwa komanso zochepa.

Kubik analemba buku lonena za gululi, limene linatuluka m'Chingerezi mu 1974 kudzera ku University of Zambia ku Lusaka, lotchedwa The Kachamba Brothers' Band. Ndi mabuku ochepa a nthawi imeneyo amene anapereka ulemu wotere kwa oimba achinyamata a m'tauni, pakuti ofufuza ambiri ankafuna magule akale okhaokha, nyimbo za gitala n'kumaziona ngati zosokonezeka. Mu 1972 Daniel anaitanidwa ku Ulaya, kumene anakaimba pamsonkhano wa akatswiri ofufuza za jazi ku Austria, ndipo iye ndi Donald anakaimbanso ku Germany. Ana amene anaphunzira jazi pomvera mbale zachikale anakaima pamaso pa anthu ophunzira za jazi, iwo n'kukhala aphunzitsi.

Gitala ya Daniel

M'kupita kwa nthawi abale awiriwa anatsata njira zosiyana. Daniel anakhazikika pa kuimba yekha ndi gitala, ndipo apa m'pamene dzina lake linakulira m'Malawi. Kaimbidwe kake kankadabwitsa chifukwa womvera pa wailesi ankaganiza kuti pali anthu awiri kapena atatu. Chala chachikulu cha dzanja lamanja chinkayenda pa nsambo zokhuthala kugwira ntchito ya besi, chala cholozera chikutola nyimbo pa nsambo zopyapyala, ndipo ziwirizi zinkalukana mosagundana, china kulowa pampata umene chinzake chasiya. Kulukana kotere si kwachilendo kwa munthu amene anamvapo bangwe, kalimba kapena valimba wa ku Chigwa cha Shire. Daniel anatenga nzeru ya zida zamakolo n'kuiika pa gitala, pamodzi ndi zimene anamva kwa oimba a ku Joni, ku Congo ndi ku Kenya. Ankakunga nsambo m'njira zingapo malinga ndi nyimbo, ndipo mitundu ya nyimbo zake ankaitchula ndi maina monga sinjonjo, simanjemanje ndi lumba, dzina limene linachokera ku rumba. Dolosina Lumba ndi imodzi mwa nyimbo zake zimene ofufuza anazisanthula kwambiri.

Amalawi ambiri amamukumbukira ndi nyimbo monga Mlendo ndi Mame ndi Anthuwa Bodza. Mitu yomweyi ikusonyeza kumene mtima wake unali. Ankatola mwambi kapena mawu a tsiku ndi tsiku, n'kuwakulunga m'nyimbo yovinika, moti munthu amayamba wagwedeza mutu, tanthauzo n'kumupeza pambuyo. Ankaimba za miseche, za maukwati, za ulendo ndi za imfa, ndi mawu osakometsera, ngati munthu amene akucheza pakhonde. Atabwerako ku Ulaya anthu anayamba kumutcha Dr. Daniel Kachamba, ndipo dzina laulemu limeneli lamukhalira mpaka lero. Ndi dzina lomuyenera. Pa oimba gitala yosalumikiza kumagetsi a mu Africa, iye amaikidwa pamzere umodzi ndi Jean Bosco Mwenda wa ku Congo, ndipo onse awiri akuoneka m'kanema wa African Guitar amene anatuluka ku America mu 1995, wochokera pa zojambula za Kubik.

Daniel sanauone kanemayo. Anamwalira pa 25 Julayi 1987 ali ndi zaka pafupifupi 40, patangopita zaka zitatu Count Basie atamwalira ali ndi zaka 79. Lamulo latsopano loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba linakhazikitsidwa m'Malawi mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA lotolera ndalama za oimba linayamba mu 1992. Zonsezi zinamupeza atagona kale. Munthu amene nyimbo zake zinkamveka m'nyumba iliyonse ya wailesi anakhala moyo wake wonse wopanda bungwe lotere lomutolera ndalama, ndipo ichi ndi chinthu chowawa m'mbiri ya nyimbo za dziko lino.

Donald, woimba ndi wofufuza

Donald anakakamira pa kwela. Anayambitsa gulu lake, ndipo kuyambira cha pakati pa zaka za m'ma 1970 Kubik mwiniwake analowa m'gululo ngati woimba. Apa zinthu zinatembenuka mokoma, pakuti mzungu amene anabwera kudzajambula anasanduka wophunzira wa mnyamata uja anamupeza mumsewu. M'gululi munalowanso Moya Aliya Malamusi wa kwa Singano komweko, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wofufuza za chikhalidwe ndipo anakhazikitsa Oral Literature Research Programme ku Chileka mu 1989. Gulu la Donald linayenda m'maiko oposa 30 a mu Africa, ku Ulaya ndi ku America, likuimba komanso kufotokozera anthu za nyimbozo m'masukulu a ukachenjede ndi m'nyumba za chikhalidwe.

Donald ankadziwa kuimba chida chilichonse cha m'gulu lake, chitoliro, gitala, besi ndi maseche, ndipo izi zinamuthandiza kuchita chinthu chimene ochepa akanachiganizira kumudzi. Ankadzijambula yekha ndi makina wamba. Amayamba wajambula gitala, kenako akuiliza tepi ija n'kuimbira pamwamba besi, zonse ziwiri n'kulowa mu tepi ina, n'kubwerezanso motero ndi chitoliro choyamba, chachiwiri, mpaka nyimbo itadzaza ngati gulu lathunthu. Ntchito imeneyi imafuna khutu losaphonya, chifukwa ukangotsalira pang'ono pa gawo limodzi, zonse zoika pamwamba zimapendama. Ku America oimba ankachita zotere m'masitudiyo a ndalama zambiri. Donald ankazichitira kwawo ku Chileka.

Zina mwa nyimbo zake zinatuluka pa zimbale kunja. Concert Kwela inatulutsidwa ndi kampani ya Le Chant du Monde ya ku France mu 1994, ndipo chimbale china, chophatikiza nyimbo za pamaso pa anthu ndi zojambula yekha, chinatuluka ku Germany kudzera ku kampani ya Pamap. Iye sanali woimba chabe. Ankayenda m'midzi kujambula oimba anzake, ndipo dzina lake lili pa buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, limene linatuluka mu 1987 kudzera ku University of Malawi ku Zomba. Kumapeto kwa 1999 anaitanidwa ku University of California ku Los Angeles kukaphunzitsa kwela. Jazi uja anachoka ku America pa mbale za galamafoni, n'kudutsa ku Joni ndi ku Salisbury, anabwerera kwawo m'thumba la munthu wa ku Chileka, ndipo ophunzira a ku America anakhala pansi kuphunzira kupendeketsa chitoliro m'kamwa. Donald anamwalira pa 12 Januwale 2001, patangotha chaka chimodzi atabwerako.

Anzake sanalole kuti gululo life naye. Analipitiriza ndi dzina lakuti Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, ndipo linkaimba ku Chileka ndi ku Ulaya. Kubik nayenso anabwereranso ku nkhaniyi m'mabuku ake awiri a Jazz Transatlantic a mu 2017, mmene akulongosola za mizu ya jazi mu Africa ndi za jazi amene anaphukanso mu Africa atabwerako kutsidya la nyanja.

Kumene nyimbozi zili lero

Magulu a jazi a m'midzi amene anadza pambuyo anasiya chitoliro n'kukonda banjo, babatoni wamkulu wokutidwa ndi chikopa ndi ng'oma zopangira pakhomo. Alan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona amene anamwalira mu 1995, anafika nawo patali maimbidwe amenewa, ndipo chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992 kudzera ku kampani ya Pamtondo. Kamangidwe ka gulu n'kamodzimodzi ndi kaja ka abale a Kachamba: choimbira chimodzi chokwapula mosalekeza, besi yoyenda pansi, ndi mawu oyankhana pamwamba. Mnyamata wa m'chigwa cha Bwanje amene lero akukhoma chigubu cha mafuta ku thabwa, n'kusolola waya wa mabuleki a njinga kuti akhale nsambo, ali pamzere womwewo, ngakhale dzina la Count Basie sanalimvepo.

Matepi amene Kubik anajambula, kuphatikizapo a mu 1967, amasungidwa ku Phonogrammarchiv mumzinda wa Vienna, nkhokwe ya mawu imene inakhazikitsidwa mu 1899 ndipo ndi yakale kuposa zonse za mtundu wake padziko. Nyimbo zakale za ku Nyasaland zimene wofufuza wina, Hugh Tracey, anajambula m'zaka za m'ma 1950 zili ku International Library of African Music ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Kunoko zotsala zili m'nkhokwe ya MBC, kwa ofufuza a ku Chileka, ndi m'manja mwa anthu wamba, m'masutikesi a agogo amene anakagwira ntchito ku Joni ndi ku Salisbury. Mbale ya galamafoni imasweka ikangogwa, ndipo tepi ya kaseti imachita nkhungu ndi kumatana ikakhala pachinyontho. Aliyense amene wapeza mbale kapena kaseti yotere m'nyumba ya makolo ake asaipereke kwa ana kuti aseweretse. Aiike pouma, kutali ndi dzuwa, ndipo akafunse ku National Archives ku Zomba kapena ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri za mmene ingasungidwire.